Chinangwa cha Tsiku Limodzi

Ndikawakumbukira Abiti Sumani, chimene chimayamba kundipeza si nkhope yawo ayi, koma fungo la pathamanda pamene amayi a m'mudzi mwathu ankanyika chinangwa, fungo lowawasa lija lokakamira m'nsalu ndi m'zikhadabo, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zaziwisi zimene Abiti Sumaniwo ankawambira utaka kuseri kwa nyumba yawo. Ankakhala moyandikana nafe m'mudzi wina kumpoto kwa Msumba. Anali nkhalamba yachisilamu, yowonda, yosaseka wamba, pomwe ife tinali a tchalitchi. Tinkawatchula kuti agogo ngakhale panalibe chibale, ndipo ndinene zoona, sindinkawakonda. Mawu awo ankamveka mpaka kugombe, ndipo mwana ukadutsa pakhomo pawo chimanjamanja ankakupezera ntchito.

Wandikumbutsa zonsezi ndi mlongo wanga Barnaba. Lero ndi bambo wa ana asanu, amayendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, pakati pa Metangula ndi Lichinga, ndipo akagwira chiwongolero pakamwa sipatsekeka. Sabata yatha ndinakwera galimoto yake, iye n'kuyamba nyimbo yake ija: kale zinthu zinali bwino, nsomba zinali mbwee, anthu ankakondana, osati lero lino lamafoni. Apaulendo ankangovomereza. Kenaka anawonjezera akuseka, "Woipa m'mudzi mwathu anali m'modzi basi, mfiti ija Abiti Sumani. Inafuna kundipha ine ndi chinangwa."

Mtima wanga unawira. Kale limene amalitamalo iye anali ndi zaka zitatu, ndipo zimene zinachitika sazidziwa.

Inali nthawi ya nkhondo. Bambo anali atatengedwa ku usilikali, ndipo anthu othawa kumtunda kwa Maniamba anali atadzaza m'mudzi, moti chinangwa chozuna chinatha msanga, n'kutsala chowawa chokhachokha. Chinangwa chowawa chili ndi lamulo lake: uchisende, uchinyike masiku anayi mpaka chifewe, ndiye usinje ndi kuyanika. Ukachifupikitsira masiku chimaledzeretsa, ndipo mwana wamng'ono chimatha kumupha. Pathamanda paja mayi aliyense anali ndi malo ake, atazikapo kamtengo kokhala ndi mlaza, ndipo m'mawa uliwonse ankamanga mfundo imodzi pamlazapo kuti asasokoneze masiku. Abiti Sumani ankayendera milaza ya anthu onse ngati wina anawatuma. "Mimba siwerenga masiku, chinangwa chimawerenga," ankatero.

Mwezi wina wa chisanu amayi anakwera ngalawa ya tanga kupita ku Likoma kukasinthitsa nkhuni ndi mchere. Anatisiyira ufa wa masiku anayi ndi lamulo limodzi: tisakapemphe kwa anthu, aliyense ali ndi njala yake. Mphepo ya mwera inabwera, nyanja inayera ndi mafunde, masiku anayi anakhala asanu ndi limodzi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo nzeru yokakumba chinangwa china inandifika ufa utatha kale. Ndinakumba, ndinasenda, ndinanyika. M'mawa mwake ndinamanga mfundo yoyamba.

Barnaba analira tsiku lonse lija mpaka mawu anatha, kenaka ankangonditsatira atagwira nsalu yanga, akuyamwa chala. Tsiku lachiwiri kusanatenthe ndinapita pathamanda, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuvuula mitsitsi inayi. Inali yolimba gwa. Ndinaisinja choncho, ndinayanika pathanthwe pang'ono, ndinakazinga paphale kuti iume msanga, n'kuphika phala. Ndinalawa, linali lowawa. Ndinadziuza kuti ndi utsi. Ine ndinadya pang'ono kuti mwana akhute, ndipo anakhutadi.

Dzuwa lili pamutu Abiti Sumani analowa pabwalo pathu osaodira, mlaza wanga uli m'manja.

"Marita, mfundo imodzi iyi. Chinangwa chako chachepa. Chapita kuti?"

Anatenga mphika, ananunkhiza, anapala ndi chala n'kulawa, n'kulavula. Barnaba anali atakhala pansi pa mtondo, mutu ukulendewera. Anayesa kuimirira, miyendo inapinda, n'kuyamba kusanza. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Agogo aja anangovula nsalu yawo yapamwamba, anam'bereka mwanayo, n'kunena kuti, "Tiye. Usalire sopano, ulira tikafika."

Kuchokera kwathu kukafika ku chipatala cha ku Msumba unali ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo masiku amenewo munthu sunkachoka m'mudzi popanda gia, chikalata chaulendo chosainidwa ndi sekeretariyo wa m'mudzi. Wathu anali atapita ku Metangula. Tinayenda choncho. Ndimakumbukira mchenga wotentha, mapazi awo osweka akuponda mofulumira, kupuma kwawo kolira ngati mvukuto, ndi dzanja la Barnaba likungogwedezeka pambali pawo. Nanenso mutu unkazungulira, koma ndinkaopa kunena. Kanthawi kalikonse ankamutsina mwendo kuti amve ngati alira. Poyamba ankalira. Titadutsa pamtsinje anasiya.

Pa mlambe waukulu panali kontololo, chingwe chomangidwa kuchokera kumtengo kufika kumtengo, ndi amilisiya awiri. Wamkulu wake anali a Jafali, bambo wa m'mudzi woyandikana nawo, amene kale ankasoka maukonde.

"Gia, amayi."

"Ndilibe. Mwana waledzera chinangwa."

"Popanda gia sadutsa munthu. Dzana anadutsa ena ndi mwana kumsana, kumbuyo kwake kunali zipolopolo. Bwererani."

Agogo anapita patsogolo mpaka chingwe chinawakhudza pamimba. Mnzawo wa a Jafali anakweza mfuti. Ndinamva kachitsulo kakulira, ndipo mkodzo unanditsika m'miyendo. Abiti Sumani sanayang'ane mfutiyo n'komwe. Anamasula nsalu, anamutsitsa Barnaba, n'kumuika m'manja mwa a Jafali, amene anamulandira asanaganize.

"Msunge iwe, kamarada. Ine ndikubwerera kukafuna gia wakoyo. Akafera m'manja mwako, mayi wake akabwera ukamuwerengere lamulolo wekha."

Anatembenuka n'kuyambadi kubwerera. Ndinawerenga mapazi awo, anakwana asanu ndi awiri. A Jafali anayang'ana mwanayo, maso ake atatembenuka, thovu kukamwa. Anatukwana, anapatsa mnzawo mfuti yawo, analumpha chingwe, n'kuyamba kuthamangira ku Msumba mwana ali paphewa. Ife tinkatsatira m'mbuyo.

Kuchipatala mankhwala anali ochepa, koma namwino anachita zimene akanatha, ndipo dzuwa likupendeka Barnaba anatsegula maso n'kupempha madzi. Pamenepo namwinoyo anatembenukira kwa ife, nkhope itakwiya. "Wamudyetsa chinangwa chosanyika mwanayu ndani?"

Abiti Sumani anandiponda chala cha kuphazi mwamphamvu.

"Ndine," anatero. "Ndinasokoneza milaza."

Iwo, amene sanasokonezepo mlaza chibadwire! Amayi atabwera patapita masiku awiri anaima pabwalo n'kuwalalatira mudzi wonse ukumva. Anthu analetsa ana awo kudya kwa agogowo, ena n'kumanong'ona kuti nkhalamba yopanda mdzukulu imadya a eni. Utaka wawo anthu anasiya kusinthitsa nawo. Pathamanda agogowo anasamutsira kamtengo kawo kumapeto, ndipo sanayenderenso mlaza wa munthu. Ine ndinkadutsa pakhomo pawo nditawerama, iwo n'kumandituma kukatunga madzi ngati kale, osatchula kanthu.

Nkhondo itatha, ndili mtsikana wamkulu, ndinawapeza akudwala ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene anasenzera mlandu wanga. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Mayi wako akanakumenya n'kuiwala? Ayi. Akanati akakuona, akuona maliro a mwana wake. Ine ndinali nditakalamba kale, dzina ndikanapita nalo kuti?" Ndinawalonjeza kuti ndikaulula. Anamwalira chaka chomwecho, amayi anamwalira patsogolo pake, ndipo ine ndinali ndisanaulule. Ndinali wamantha, palibenso dzina lina loti ndidzipatse.

Ndiye anthu akamakangana ngati kale kunali bwino kuposa lero, ine ndimasowa mbali. Lero ndikanaimba foni amayi ali ku Likoma, njinga yamoto ikanamufikitsa mwana kuchipatala phala lisanatsike, ndipo panjira palibe chingwe. Njala ija sindiifunira ngakhale mdani wanga. Koma ndimakhala ku Metangula zaka zambiri tsopano, ndipo ndikayang'ana makomo oyandikana nane, sindidziwa amene angasenze mlandu wa mwana wanga. Sindidziwanso ngati ineyo ndingasenze wa mwana wawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti Barnaba amatama chikondi cha kale pomwe akutukwana munthu yekhayo amene anamuonetsa chikondicho.

Tinali titayamba kutsika phiri, nyanja ikuoneka kutsogolo, iye akupitiriza kufotokoza mmene mfiti ija inkayendera milaza ya anthu.

"Barnaba, ima pambali."

"Bwanji, achemwali? Mwadwala?"

"Ima, uzimitse injini. Ndikufuna anthu onsewa amve, poti bodza alimvanso onse."

Anaima. Ndinamuuza za ufa umene unatha, za mitsitsi inayi, za msana umene unamubereka ndi za chingwe chija. Iye anangogwira chiwongolero, akundiyang'ana pagalasi.

"Nanga phalalo," anafunsa motsitsa mawu, "anaphika ndani?"

Mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi ndi amodzi okha, ndipo ndinawaphunzira kwa Abiti Sumani.

"Ndine," ndinatero.