A Lameck odinda zitsa

"Kodi mtengo uja bambo ako adula pakhomo pa shopu unali mtengo wanji?"

Anandifunsa choncho a Lameck tsiku limene anabwera kudzagula guluu. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikungoingitsa ntchentche pa kauntala ya bambo anga pa Nsaru, mtima uli ku tauni. Ndinati sindikudziwa, mtengo ndi mtengo basi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana munthu wamkulu.

"Mbawa, iwe Hajra. Wakulira pamthunzi pake, dzina osaufunsako?"

A Lameck amakhala chakunjira ya ku Kabudula. Kwa zaka makumi atatu anali wodula mitengo, kudyetsa mabalani a fodya m'maesiteti, ndipo chala chawo chimodzi chinatsala kutchire komweko. Amati tsiku lina mwezi wa Okutobala akuchokera ku Misa ku Nambuma, dzuwa likuswa mtengo, anafuna pousa. Anayenda mtunda wonsewo osapeza mthunzi, koma chitsa chilichonse cha m'njiramo anachizindikira, poti anachisiya ndi iwo omwe. Sowo anaipachika tsiku lomwelo.

Zimene amachita tsopano ndinakaziona ndi maso angawa, apo ayi sindikanakhulupirira. Amapala chitsa mpaka kusalala, n'kuchiwaula pang'ono ndi udzu, kenako n'kuchikwecha ndi burashi ya waya kuti mizere ya zaka itumphuke. Inki amapanga okha, mwaye ndi guluu. Akapaka, amayalapo pepala la m'kati mwa thumba la simenti, n'kumasisita ndi kumbuyo kwa supuni, pang'onopang'ono, ola lathunthu osayankhula. Ndiye amasenda pepala lija.

Ine ndinawerama kuti ndione bwino. Mtengo wonse unali pamenepo, mizere yozungulira ngati chidindo cha chala cha chimphona. Anandiloza pamene yathithikana: "Apa ndi chaka cha njala, mtengo nawonso unamanga lamba. Apa unapsa ndi moto wolusa, koma taona, unadzipoletsa wokha."

Mapepalawo amawasoka ndi ulusi wosokera mabelo a fodya, likhale buku. Poti dzanja lawo limanjenjemera akagwira cholembera, anandipempha kuti ndizilemba pansi pa chithunzi chilichonse dzina la mtengo, pamene unali, ndi amene ankakhala patsinde pake. Ndinkalemba mokongoletsa kwabasi. Nditafunsa kuti dzina langa lilembedwa pati, anaseka.

"Langa waliona pati? Mwini bukuli ndi mtengo, eti."

Za chitsa cha kwathu anandiuza momveka. Anati chiume kaye bwinobwino, koma amisiri akadzafuna kuchizula ndiwauze msanga, adzasiya chilichonse n'kubwera, chifukwa chitsa chikazulidwa n'kuwazidwa ndiye kuti nkhani ya mtengowo yathera pomwepo.

Lachitatu lina bambo anati pa chakudya, "Loweruka anyamata azula chitsa chija, maziko a shopu yatsopano ayambe." Loweruka lomwelo linali la chionetsero cha ntchito zamanja ku Lilongwe, ndipo a Lameck anali atandipemphera kale chilolezo kwa bambo ndi mayi kuti ndiwaperekeze. Ndinkawadziwa mkuluyo. Akanamva, ku tauni sakanapita. Ndiye ndinakhala chete, n'kukasita mpango wanga wobiriwira.

Kuchionetseroko kunali matebulo a mikanda, madengu, ziboliboli, sopo wonunkhira. Athu mabuku anali asanu ndi limodzi okha, a pepala la simenti, ndipo poyamba ndinachita nawo manyazi. Koma anthu akafika pa ife ankachedwa. Ena ankatsitsa mawu ngati alowa m'nyumba yopemphereramo. Wina anandijambula ndikutsegula buku, ine mumtima ndikuti eya, ndi zimenezi.

Chakumasana kunabwera mayi wina wa yunifolomu, wosesa pabwalopo, tsache lili m'khwapa. Anawerenga zimene ndinalemba pa tsamba lina, milomo ikuyenda: Muwanga wa pamphambano pa Kabudula, pamene amayi ankagulitsira zitumbuwa. Anaika tsache pansi, n'kupukuta dzanja pa chitenje, n'kuliyala pa chithunzicho.

"Bambo, mtengo uwu mwautenga kuti? Amayi anga ankakhala apa, mbali iyi, kumene muzu unatuluka. Ine ndine Agnes, ndinkagona pa thumba patsinde pomwepa."

"Ndinadula ndine, mayi," anatero a Lameck, chipewa chili m'manja. "Ichi n'chimene ndatha kubweza."

Anatenga kampeni, n'kudula ulusi wa buku limene anasoka sabata yathunthu, n'kusolola tsambalo kuwapatsa. Mayi aja analipinda mosamala ngati chikalata cha munda. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira agogo anga a Tahiru, amene ankakhala patsinde pa mbawa ija ndi makina awo osokera, ine ndikuwatolera timapisi ta nsalu.

Titatsika minibasi pa Nsaru tinapeza dzenje pakhomo pa shopu. Chitsa anali atachiwaza kale, zidutswa atapita nazo kwa a Felix oumba njerwa, kuti zikalowe mu uvuni. A Lameck anaima m'mbali mwa dzenjemo nthawi yaitali.

"Unkadziwa?"

"Eya, agogo. Kuyambira Lachitatu."

Ndinadikira kuti andikalipire. Iwo anangotola kakhungwa, n'kukanunkhiza, n'kukaika m'thumba la malaya.

"Ine ndapha mitengo yoposa masiku ako, mwanawe, ndikuweruza bwanji? M'buku lotsatira tidzasiya tsamba loyera. Nalonso limayankhula." Anakwera njinga yawo n'kumapita.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa a Felix. Uvuni anali asanayatse. Ndinafukula mulu wa nkhunizo mpaka manja kutuluka magazi, iwo akundiseka kuti mwana wa a Sumaili wayamba liti kutola nkhuni. Chidutswa chabwino ndinapeza chimodzi chokha, chokhala ngati chibenthu cha dzungu, kuchokera pamtima pa mtengo kufika kukhungwa. Mizere yonse inalipo, ndinawerenga makumi asanu ndi inayi. Ndinachisenza pamutu kudutsa pakati pa msika, anthu akundiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuti ndisafune kuonedwa.

Tsamba loyera lija sindilola. Loweruka likubwerali ndipita kwa a Lameck ndi chidutswachi, ndikawapemphe supuni yawo, ndisisite ndekha ngakhale zitenge tsiku lonse. Pansi pake ndidzalemba kuti: Mbawa ya pa Nsaru, pamene a Tahiru ankasokera. Mbali yosowayo inasowa chifukwa Hajra Sumaili anakhala chete. Ndipo ndidzalemba osakongoletsa.