Maluwa a Odessa Adutsa Mpanda

Odessa Caudill anayendetsa basi ya ana asukulu kwa zaka zambiri kumapiri a Kentucky, ndipo ana onse ankadziwa kuti Malichi akafika, pakona ya pafupi ndi mlatho basi iziyenda mokwawa. Pamenepo pankamera timaluwa toyera timene timatitcha muzu wamagazi, poti ukathyola muzu wake pamatuluka madzi ofiira. Timatuluka chisanu chikangotha, mitengo isanaphuke masamba, dzuwa likadafika pansi. Duwa lililonse limabwera litadzikulunga m'tsamba lake ngati munthu wozizidwa, likhala masiku ochepa, mphepo n'kuliyoyola.

Chaka chimene Odessa anapuma ntchito, anamva kuti msewu aukuza ndipo kona ija aigumula. Anatenga fosholo ndi beseni lochapira, nakumba mizu yonse imene msana wake unalola, n'kukaibzala pansi pa mitengo kuseri kwa nyumba yake. Mwamuna wake anali atamwalira, ana ali kutali ku Ohio, ndiye maluwawo ndi amene ankawapatsa moni m'mawa.

Kuseri kwa mpanda wa waya kunkakhala Harlan Slone, mkulu yemwe anakalambira mumgodi wa malasha. Awiriwa sankamwerana madzi chiyambire tsiku limene galu wa Harlan anafukula tomato wa Odessa.

Patapita zaka zingapo, Odessa anaona timaluwa toyera tatuwa mbuu kumbali ya Harlan.

"A Harlan, ngati mumafuna maluwa bwanji osangopempha?"

"Maluwa ake ati? Ine mawondo anga awa ndingakumbe chiyani?"

"Ndiye adumpha okha mpanda?"

"Mwina atopa nanu. Inenso ndikanakhala duwa ndikanasamuka."

Odessa anatsimikiza mtima kuti wakubayo amugwira. Koma kumbali yake kunalibe dzenje ngakhale limodzi, ndipo zimenezi zinamusowetsa mtendere. Maluwa atayoyoka, mitengo itatseka dzuwa, timatumba ta njere tinayamba kung'ambika. Tsiku lina akuzula udzu anaona njere imodzi ikuyenda. Anavala magalasi, nagona chafufumimba. Inali nyerere, ikuikoka pa kachinthu koyera konona kamene kamamatirira ku njere iliyonse. Pambuyo pake panali ina, ndi inanso, zonse zikulowera pansi pa waya.

Harlan ali pakhonde anangoona miyendo ili tambalale m'masamba. Mkulu wa mawondo ovuta uja anathamanga, nakwera mpanda, buluku n'kung'ambika kuyambira m'chiuno.

"Mayi Caudill, muli moyo?"

"Chepetsani phokoso, mupondanso mboni zanga. Gonani apa muone."

Harlan anagona pambali pake akubuula. Anazilondola nyererezo ndi maso mpaka pa chitsa chowola cha kumbali yake, pomwe panali una wazo. Pafupi ndi unawo panali njere zakale zotayidwa, kachinthu koyera katadyedwa, njere zili bwinobwino m'dothi lofewa. Pomwepo ndi pamene maluwa ake anachulukira.

"Ndiye mwati wakuba ndani?" anafunsa Harlan.

"Nyerere zanu. Zatengera mwini wake."

"Zanga bwanji? Chakudya zimadya kwanu, kwanga zimangogona."

Kugona pansi kunali kosavuta, koma kudzuka ndiye kunali ntchito. Anachita kugwirana mikono, wina kukoka mnzake, mpaka onse anaimirira. Odessa sanapepese, si khalidwe lake. Anangoti, "Bweretsani bulukulo ndisoke, musamaonetse anthu zoopsa." Madzulo ake Harlan anadya nyemba ndi chigumu kukhitchini kwa Odessa, galu ali pakhomo akudikira zotsala.

Harlan anali atagula mankhwala ophera nyerere oti athire pachitsa paja. Anakawabweza kusitolo. Chaka chotsatira anadula waya pamalo amodzi n'kuikapo kageti, ati kuti nyerere zisamavutike kuwerama.

Lero Odessa wakalamba ndithu, amayenda ndi ndodo, koma Malichi akafika amayi a kutchalitchi amabwerabe kudzaona kuseri kwa nyumba yake kutayera. Chomwe chimamuwawa n'choti mbali ya Harlan ndiyo imachita bwino kuposa yake. Iye ankasesa masamba onse ogwa kuti pakhale paukhondo, pamene Harlan, chifukwa cha ulesi, ankangowasiya awolerane, ndipo maluwa amakonda zomwezo.

"Ndinakuuzani kale kuti ulesi ndi luso," amatero Harlan.

Chisanu chathachi Odessa anabwereka kwa Harlan mpando wake wa pakhonde n'kukhalapo, ndipo masamba sanasese.