Ndinachita Manyazi Kutsogolo kwa Lole

Anthu pano pa Salima amati ndine wamwano. Amati Yotamu dalaivala sadziwa wamkulu, amakuwa ngati akuitana bwato lomwe lili pakati pa nyanja. Azinena. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, mawu okometsera ndilibe. Ndilemba mmene zinalili basi, amene akufuna ntchito ya lole amve.

Ntchitoyi sindinaipeze ndekha. Nkhondo yaikulu itangotha ndinali pa chikamwini kwa Maganga, kwawo kwa mkazi wanga Nambewe. Kwathu ndi kunyanja, dzanja langa linazolowera nkhafi ndi khoka, koma pa chikamwini anandipatsa khasu. Zaka zitatu ndili chiweramire m'munda wa chinangwa, munda wake wosakhala wanga. Bambo ake a Nambewe, a Mbewe, anaphunzira galimoto ku usilikali. Atabwerako analembedwa ndi kampani ina yogula thonje ndi mpunga, yomwe inkatutira katundu ku siteshoni ya sitima. Kampaniyo inagula malole akale a nkhondo, madalaivala n'kusowa. Ndiye inati iphunzitsa yokha anthu asanu ndi mmodzi, mphunzitsi wake a Mbewe omwewo.

Sanandiuze okha. Mpongozi sacheza ndi mkamwini ngati mnzake wa pa bawo. Anauza mwana wawo, mwana wawoyo n'kuuza ine. "Akuti Lolemba mukapezeke ku yadi ya kampani." Ndinaponya khasu pansi. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzalitolanso.

Lolemba anatiimika mzere padzuwa. Panabwera mzungu woyang'anira yadi, tinkamutcha Bwana Kaliwo chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Iye akulankhula, a Mbewe akumasulira. Tinadinda chala papepala kuti tikakhoza tidzagwirira kampani zaka zitatu osathawa. Anatipatsa ovololo, yanga miyendo yake inathera pa akakolo. Kenako lamulo lalikulu: wovulala chifukwa choswa lamulo la pa yadi azipita kwawo tsiku lomwelo, malo ake alowe wina.

Mukuganiza tinakwera lole tsiku limenelo? Ng'o. Masabata atatu chiwongolero tinkangochionera pawindo. M'mawa kutunga madzi a mu redieta, kusolola kachitsulo koyezera oilo, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Kupopa matayala ndi pampu ya manja mpaka msana kuuma. Kukweza lole ndi jeke, kumasula manati ndi sipanala, kumanganso, popanda chowonongeka, kungoti tizolowere. Pa chitunda, kuthamanga pambuyo pa lole utanyamula chipika, kuti ikaima uchiponye kuseri kwa tayala isabwerere. Ikatitimira mumchenga wa kunyanja kuno, fosholo ndi makuni pansi pa matayala. Ndinkafika kunyumba manja atatheratu, kulephera kumasula mabatani a ovololo. Ndinathawa khasu n'kukagwera fosholo.

Koma chimene chinkatiopsa tonse ndi handulo. Malole amenewo mabatire ake anali otheratu, ndiye injini inkalira ndi dzanja. Handulo ndi chitsulo chopindika, umachilowetsa pa bowo kutsogolo, pansi pa redieta, iwe utaima pakati penipeni pa lole. Chala chachikulu suchizunguliza pa chitsulo ngati wagwira nkhafi, umachigoneka pamodzi ndi zinzake, chifukwa injini ikabweza imathyola. Ndipo sukankhira pansi, umakokera m'mwamba. Koma usanagwire n'komwe, umayang'ana amene wakhala pa chiwongolero m'maso, n'kukuwa: "Giya?" Iye agwedeze ndodo ya giya uku ndi uku, ayankhe: "Ili pakati!" Ndipamene upukuse. Lole ikalira ili m'giya imalumpha, ndipo choyamba kukumana nacho ndiwe.

A Mbewe anatiphunzitsa zimenezi bwinobwino, sindingawanamizire. Ankati, "Olo pampando pakhale bambo ako okubala, kuwa. Lole ilibe m'bale."

Zinali zosavuta kwa anzanga. Ine nanga? Munthu amene kumudzi ndikakumana naye panjira ndimapatuka n'kunjuta, ndikamayankha ndimayang'ana zala zakuphazi, lero ndimudzutsire mutu n'kumukuwira ngati ndikuthamangitsa mbuzi? Pakamwa pankakana. Ndiye ndinapeza njira. Panali mnzanga Saidi, wa kunyanja ngati ine, munthu wanthabwala. Pampando akakhala a Mbewe, Saidi ankaima pambali n'kundikuwira, ine n'kungopukusa. Ankandiseka. "Wallahi Yotamu, iwe udzafa ndi ulemu. Tidzalemba pamanda pako kuti apa pagona mkamwini wabwino." Tonse tinkaseka, ine ndemwe.

Tsiku lovuta linali Lachisanu la sabata lachitatu. Bwana Kaliwo anati aone mmodzimmodzi, okhoza ayambe chiwongolero Lolemba. Anzathu anawaimika kutali, ku mpanda. Lole inaima moyang'ana shedi, kutsogolo kwake mabelo a thonje atasanjikizana. Yadi imeneyo ndi yotsetsereka pang'ono, ndipo handibuleki ya lole ija inali yotha, ndiye a Mbewe akazimitsa injini ankaisiya m'giya kuti isayende yokha. Tonse tinkadziwa. Atatu anapita, anakuwa, a Mbewe anachotsa giya, injini inalira, anazimitsa. Wachinayi ine.

Ndinayeza madzi, ndinayeza oilo, ndinamenya matayala onse. Ndinalowetsa handulo. Ndinadzutsa mutu. A Mbewe anali atatembenukira pawindo, Bwana Kaliwo akuwafunsa kanthu. Ndinaona dzanja lawo lili pa chiwongolero, osati pa giya. Ndinaona ndithu. Kuwadula pakamwa apongozi, akulankhula ndi mzungu, pamaso pa anthu? Ndinatsokomola, mmene timachitira pofika pakhomo pa munthu wamkulu. Ndinati pansipansi, "Zikomo kumeneko." Palibe anamva. Mumtima ndinati, aaa, munthu wayendetsa galimoto ku nkhondo angaiwale giya? Ndinakoka.

Injini inali yotentha kale, inagwira kamodzi. Ndinangoona redieta ili pankhope. Lole inandinyamula n'kundipanikiza pa mabelo, n'kuzima. Likanakhala khoma la njerwa, bwenzi izi mukuzimva kwa Saidi. Thonje linandipulumutsa, koma mkono wamanja unathyoka pawiri, nthiti ziwiri n'kulowa mkati. Anzanga anakankha lole m'mbuyo, ine gwa pansi, thonje m'kamwa.

Bwana Kaliwo sanafunse ngati ndili moyo. Anachotsa kaliwo pakamwa, koyamba kumuona atatero, n'kufunsa funso limodzi. Womasulira anali a Mbewe, nkhope itachita phulusa. "Akufunsa kuti munakuwa?"

Ndikanati ndinakuwa koma sanamve, ntchito ikanatha ya a Mbewe, ine n'kutsala. Ndinayang'ana pansi ngati kale. "Sindinakuwe."

Ndinadikira kuti nawonso anene mbali yawo, kuti giya anaisiya ndi iwo. Anamasulira yankho langa lija, n'kutseka pakamwa. Basi. Mpaka lero ndikakumbukira pamenepo chifuwa chimatentha. Ovololo anandivula ku chipatala, Lolemba anavala wina.

Ndinabwerera kwa Maganga ndi mkono m'chikhakha. Mkono utagwirana, unagwirana mokhota. Khasu lija ndinalumbira kuti sindidzalitola, ndinalitola. Chaka chathunthu ndikulima ndi mkono wopindika, Saidi akudutsa pamsewu ndi lole, kundiimbira huta. Kumudzi amati mkamwini wa a Mbewe ntchito inamukana, ndi wopepera. Nambewe ankalira, kupita kwa bambo ake, kubwera chimanjamanja. Ine ndi a Mbewe tinkapatukiranabe panjira mwaulemu wonse. Ulemu umenewo ndinkafuna kuulavula.

Tsiku lina Lamulungu masana, titachoka ku tchalitchi, ndinangoona a Mbewe akubwera pakhomo panga atanyamula tambala m'khwapa. Sanaime patali kuti atume munthu. Anabwera n'kukhala pa mphasa yomwe ndinakhala ine. Ndinafuna kudzuka, anandigwira bondo.

"Khalani, apongozi. Nkhuku iyi ndi yothetsa manyazi. Kuyambira lero tizidyera mbale imodzi, tiziyang'anana. Kampani ikutenga anthu ena mwezi wamawa, dzina lanu ndapereka."

Ndinati zikomo, maso ali pansi.

"Ayi. Ndiyang'aneni. Ndifunseni."

"Ndifunse chiyani, bambo?"

"Chimene simunafunse tsiku lija."

Ndinawayang'ana. Ndinakuwa mpaka nkhuku za pamudzi kubalalika, amayi kutuluka m'nyumba kuyesa kwagwa maliro. "GIYA?"

Mkulu uja anati, "Inali m'kati, mwana wanga. Ndinaisiya ndine."

Anavomera pamphasa, kwa ine, tambala ali pakati. Kwa Bwana Kaliwo sanakavomere, mpaka anamwalira. Ena amati ndiwakhululukire zonse. Theka ndinakhululuka. Theka lina lili mu mkono uwu, umene kukazizira sufuna kukoka handibuleki.

Ndinalowanso, ndinayambira pa pampu ndi chipika ngati sindinapiteko, masabata atatu enanso. Ndinakhoza. Laisensi ndili nayo, ndakwera ndi kutsika mapiri a njira ya ku Lilongwe mpaka ndatopa nawo. Malole a masiku ano ambiri amalira ndi batani, koma batire ikafa handulo ilipo kuseri kwa mpando, ikudikira mkono wa munthu.

Ndiye amene mumati ndine wamwano, imvani. Mwezi wathawu galimoto ya abusa athu inakana kulira pa msika, anandipempha ndiwapukusire. Anthu atazungulira, abusa atakhala pa chiwongolero ndi kolala yawo yoyera. Ndinawayang'ana m'maso n'kukuwa, "Giya?" Amayi a pamsika anagwira pakamwa. Abusa anayang'ana pansi, anagwira ndodo ija, anaikoka mwakachetechete, kenako n'kuyankha kuti ili pakati.