Mphaka wa Pakati pa Ulina ndi Apongozi Ake

Ulina beru Tarigan, ndiye kuti mwana wamkazi wa kwa Tarigan, anakwatiwa kubanja la Sembiring ali mtsikana, ndipo mpaka kumera imvi sanayankhulepo ndi apongozi ake aamuna, Pa Terkelin, kutanthauza bambo a Terkelin. Sikuti ankadana ayi. Mwambo wa rebu ndi womwewo: mkazi ndi bambo a mwamuna wake sayankhulana, sayang'anana m'maso, sakhalira mphasa imodzi. Mawu amadzera mwa wina, ndipo pakasowa munthu, chilichonse chapafupi chimatumidwa. Iwowa ankatuma mphaka.

"Mphaka, uwauze mpunga wapsa."

"Mphaka, umuuze ndamva, sindine gonthi."

Amphaka ankafa, ena n'kulowa ntchito. Za malalanje a kumunda, za phulusa la phiri lophulika moto la Sinabung, ngakhale za maliro a Terkelin, mwamuna wake, zonse anakambirana choncho, ndipo Ulina sankaonapo chachilendo.

Kenaka mutu wa mkuluyo unayamba kusokonekera. Tsiku lina masana anamuyang'ana Ulina m'maso mwenimweni.

"Mayi, ndinu ndani?"

Ulina anazolika n'kuyang'ana kwa mphaka. "Uwauze ndine mkazi wa mwana wawo."

"Mayi uyu akucheza ndi mphaka," anatero Pa Terkelin, akukankha mbale. "Za wamisala sindidya ine."

Ndipo sanadyedi, tsiku limenelo ndi otsatira ake. Ana a Ulina anali kutali ku Medan, panyumba panalibe wina woti n'kuwadyetsa. Mkuluyo ankangofota maso ali kuona.

Ulina anapita kukafunsa nzeru. Mlamu wake wa ku Kabanjahe anati mwambo sudwala, asauphwanye. Mnzake wogulitsa kabichi anaseka, ati za rebu zinatsalira agogo. Mkulu wa mpingo anati apemphere. Anabwerera atabalalika kuposa mmene anapitira. Akayankhula, ndiye kuti wanyoza munthu amene wamulemekeza moyo wake wonse. Akakhala chete, amupha ndi ulemu womwewo. Nanga amene wakuiwala akadali mpongozi wako? Funsoli linamukanika.

Anasinja chigwada, n'kuphika monga mkuluyo ankakondera. Anagwada, naika mbale ya mpunga ndi ndiwozo. Mphaka anali pomwepo, koma sanamuyang'ane.

"Idyani, bambo. Chonde."

Pa Terkelin anauma thupi. Pang'onopang'ono anatembenuzira nkhope kukhoma, monga ankachitira zaka zonsezo.

"Mphaka," anatero ndi mawu akale aja, "umuuze mkazi wa Terkelin kuti wataya khalidwe."

Kenaka anakokera mbale pafupi n'kutapa mpunga.

"Umuuzenso mchere wachepa."

Ulina sanadziwe ngati achite manyazi kapena akondwe. Misozi inali mbwembwembwe. Anapukuta ndi nsalu yake, n'kuyang'ana pansi.

"Mphaka, uwauze ndamva."