Mazira a dainaso pamwamba pa chipupa

Cha m'ma 2004 ndinkachita lendi chipinda chimodzi ku Chinsapo, ndipo ndinali pafupi kukwatira. Mtsikanayo kwawo kunali ku Dedza, koma makolo ake anakhazikika ku Area 23. Mwambo wa kwawo, mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi pa chikamwini. Ine zosesa pabwalo pa apongozi sindinkazifuna, choncho ndinapempha chitengwa, kuti mkaziyo adzakhale kwanga. Ankhoswe anati palibe vuto, bola azakhali a mtsikanayo abwere kaye adzaone nyumbayo.

Eni nyumba anali bambo wina wa ku Ntcheu, mesenjala wopuma pa ntchito, munthu amene manja ake sankadziwa kukhala. Chipupa cholekanitsa chipinda changa ndi chawo sichinkafika kudenga, moti iwo akayetsemula, wopukuta kumaso ndinali ine.

Tsiku lina pothawa dzuwa bambowo anakalowa m'kanyumba koonetsera vidiyo kumsika. Anaonera filimu ya azungu amene anakumba pansi n'kupeza udzudzu wakalekale utauma mu utomoni wa mtengo, n'kuuchotsa magazi, n'kupanga nawo madainaso, zibuluzi zija zinatha dziko lisanakhale ndi anthu. Anabwerako maso ali gwa.

"Aphwanga, azunguwa akuvutikiranji kukumba pansi? Udzudzu tili nawo konkuno. Wa ku Chinsapo si wa dzana ayi. Magazi a dainaso uli nawo, n'chifukwa chake sumva mankhwala."

Pamenepo sindinawatsutse. Udzudzu wa kumeneko ndinauonapo ndi maso angawa ukutukula neti ndi mwendo umodzi kuti anzake alowe. Mulungu ndi mboni.

Komabe ndinakafunsa msuweni wanga amene ankayeza magazi kuchipatala. Iye anati n'zosatheka. Timalangizo ta m'magazi timene amati DNA timawola ngati ndiwo, ndipo ngakhale utatisunga mu ayezi sitingafike zaka mamiliyoni ambirimbiri zimene zapita chifereni zinyamazo. Mafupa ake, ngati aja anakumba ku Karonga, anasanduka miyala. Anatinso ngakhale utatola timalangizoto, dzira lamoyo la dainaso loti uikemo ukaligula msika uti?

Ndinakawafotokozera eni nyumba zonsezi mwaulemu.

"Msuweni wanuyo analimapo chinangwa?" anandifunsa. "Umadula phesi, kuzika, chimamera chinangwa chomwecho. Amayi ake a chinangwa munawaonapo inu? Za dzirazo, mufilimu muja anena okha kuti mbalame ndi adzukulu a dainaso."

Anagula mazira a bakha. Lililonse analiboola ndi singano, n'kukankhiramo udzudzu wosakaniza ndi utomoni wa mango, n'kumata ndi kandulo. Thadzi lawo litawaona linangotembenuka n'kusamukira kwa aneba, ndipo silinabwerenso ngakhale kudzatenga anapiye ake. Atasowa chofungatira, anaika mazirawo m'katoni pamwamba pa chipupa chija, pansi penipeni pa malata. Unali mwezi wa Okutobala.

Fungo linayamba mwaulemu, ngati mlendo. Kenako linakhala pampando. Linalowa m'malaya, m'shuga, m'Baibulo. Ntchentche zobiriwira zinkabwera kuchokera ku Mtandire, zina n'kumabwerera pakhomo zitagwira mphuno. Kuntchito anzanga anasiya kundibwereka cholembera. Ndikamameza tiyi ndinkamva ngati ndikumwa madzi otsukira matumbo a mbuzi yofa yokha.

"Abambo, chonde, Loweruka kukubwera akuchikazi. Tachotsani katoniyo, tsiku limodzi lokha."

"Osagwedeza! Akuumbika. Fungolo ndiye umboni woti muli chinthu. Dainaso mumati anunkhire ngati sopo?"

Loweruka ndinakolopa, ndinabwereka mipando, ndinatentha makoko a malalanje mpaka maso kufiira. Katoni ndinayesa kuitsitsa ndekha, koma bambowo anakhala pansi pake mbali yawo ndi mpini m'manja.

Azakhali anafika masana ndi ankhoswe a mbali zonse, atavala duku loyera mbee. Anakhala pansi, nanunkhiza kamodzi, n'kutembenukira kwa nkhoswe yanga.

"Pepanitu, sitinamve. Zovutazi zachitika liti?"

"Ayi mayi, kuno kulibe maliro," inatero nkhoswe yanga, ikulankhula mosatsegula pakamwa kwambiri. "Ndi ngalande chabe."

Ndinathira zakumwa m'makapu. Malata ankalira ndi kutentha. Azakhali atangonyamula kapu, pamwamba panamveka phuu! Kenako linanso, phuu! Chinthu chobiriwira motuwa, chokhala ngati mafinya, chinayenderera pachipupa, china chinagwera pa duku, china m'kapu momwemo n'kuyandama. Ndikulumbira, buluzi amene anali pakhoma anagwa chagada. Nkhoswe ya kuchikazi inathamangira panja ndi dzanja pakamwa, ndipo sinafike patali.

Kuseri kwa chipupa kunamveka mawu achimwemwe.

"Aswa! Aphwanga, aswa! Taonani ngati ali ndi mchira!"

Azakhali anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anavula duku, naligwira ndi zala ziwiri kutali ndi thupi.

"Amene akulankhulawo ndani?"

"Eni nyumba, mayi. Akuweta madainaso," ndinatero.

"Akuweta chiyani?"

Azakhali anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Bambo, mwana wathu tinamulera ndi madzi otentha. Ngati mukumufuna, mumupeza kwathu. Tsache lilipo."

Nkhani ya chitengwa inathera pomwepo. Ukwati utachitika ndinakweza katundu wanga pa njinga kupita ku Area 23 kukayamba chikamwini. Matiresi anga apongozi anawaimitsa pageti, anawathira palafini n'kuwayatsa, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri anati achita bwino.