Mwendo wa Bambo pa Msewu wa Thika

Amuna anga ankayendetsa galimoto ngati anyamula mazira. Amalawi anzathu ku Nairobi ankawaseka kuti tikanyamuka ku South B kupita ku tchalitchi, timakafika anthu akutsanzikana. Iwo sankadandaula. Ankati pa zaka zonse zomwe akhala pa chiwongolero, kuyambira ku Zomba mpaka kuno, palibe wapolisi adawaimitsapo chifukwa cha liwiro, ndipo ankazinena mmene ena amanenera za madigiri awo. Ine sindidaphunzire kuyendetsa. Nditaona mmene maminibasi otchedwa matatu amadulirana kutsogolo mumzinda uja, ndidati zimenezo n'za anthu olimba mtima, ine ndizikhala kumanzereku.

Matenda a shuga adawapeza tili komweko, akugwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri. Poyamba inali nkhani ya tiyi wozizira mkamwa basi. Kenako phazi lamanja lidayamba kuchita dzanzi. Tsiku lina ndidawaona akuchokera ku bafa, patapata imodzi itatsala pakhomo, iwo akungoyenda osadziwa. Nditawauza adati ndimakonda kukulitsa zinthu. Pachala chachikulu padabuka kachilonda kosapola, ndipo adokotala adanena ine ndili pomwepo kuti akapanda kusamala nkhani yake idzathera kodula. Titatuluka adandiletsa kuuza aliyense, ngakhale mwana wathu wamkazi yemwe ankaphunzira ku Kahawa. Ku ofesi ankavala sokosi yochindikala pamwamba pa bandeji. Ndidawapempha kuti tipeze dalaivala, ndidalira, ndidanyanyala mpaka ndidatopa ndekha. Makiyi adakhalabe m'thumba mwawo.

Nthawi imeneyo apolisi a pamsewu anali atayamba kuyenda ndi kamakina koyezera liwiro, kooneka ngati kowumitsira tsitsi ku saluni. Mmodzi ankabisala nako pansi pa mtengo pamalo otsetsereka n'kumaloza galimoto iliyonse, anzake n'kumaimitsa ogwidwawo cha kutsogolo. Anthu ankangokamba za kamakinako, koma ife kwathu tinkaziona ngati nkhani za oyendetsa matatu.

Loweruka lina tidanyamuka kukamuona mwana, titamutengera botolo la chiponde. Msewu wa Thika unali usadakuzidwe, ndipo kawirikawiri unkadzaza, koma titatuluka mumzinda udatseguka. Ndidamva mphepo ikulira pazenera mosiyana ndi masiku onse. Ndidayang'ana muvi wa liwiro, ndipo unali pamalo pomwe ndinali ndisadauonepo. Ndidayang'ana iwo. Anali phee, manja onse pa chiwongolero, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndisadatsegule pakamwa, wapolisi adatulukira pamsewu atakweza dzanja. Mabuleki adagwira mochedwa, kenako mwamphamvu, botolo lija n'kugubuduzikira kumapazi anga.

Wapolisiyo anali wachikulire, wankhope yotopa. Adayenda mpaka pomwe tidakaimira, adasuzumira pazenera, adaona imvi, n'kupukusa mutu.

"Mzee, mwendo," adatero. "Mwendo wako mbaya sana. Punguza mwendo."

Amuna anga Chiswahili sankachidziwa. Ku ofesi kunali Chingerezi, kumsika ndinkapita ndine. Koma mawu awiri adawamva bwinobwino. Mwendo ndi mwendo. Punguza ankandimva ndikuuza ogulitsa tomato obwera pakhomo, ndipo ankadziwa kuti ndi kuchepetsa, kudulako. Ndidawaona akutsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kukoka thalauzi kuti libise sokosi.

"Mayi," adandinong'oneza, "munthuyu mwendo wanga wauona bwanji ali panja?"

Tsiku lina ndikadaseka mpaka misozi. Apa mtima udangondiwawa.

"Bambo, sakunena mwendo wanu. Kuno mwendo ndi liwiro. Akuti mumathamanga."

"Ine?"

"Inuyo."

Adatembenukira kwa wapolisi ndi Chingerezi chawo chaulemu cha ku ofesi, kumufotokozera kuti kamakinako kagwira galimoto ina. Wapolisi adalankhula ndi mnzake wa pansi pa mtengo uja pa wayilesi ya m'manja, ndipo mawu adabwera akutchula nambala yathu. Amuna anga adandiyang'ana kuti ndiwaikire kumbuyo, monga ndinkachitira nthawi zonse pamaso pa anthu.

"Muvi ndinauona, bambo," ndidatero. "Sakunama."

Matatu ankatidutsa ndi nyimbo zawo zogonthetsa m'khutu.

"Sindinamve kuti ndaponda," adatero. "Ndimayesa phazi lili m'mwamba."

Wapolisi Chichewa sadachimve, koma nkhope adaiona. Adatembenuza laisensi uku ndi uku n'kuibweza. "Nenda polepole, mzee," adatero, kutanthauza kuti tizipita pang'onopang'ono, ndipo adabwerera kukaimitsa ena.

Ndidalakalaka akadailanda laisensiyo. Akadatitengera ku polisi, galimoto n'kuitsekera, nkhani yomwe idandikanika ine m'nyumba ikadatha ndi lamulo. Koma adatikhululukira, n'kutisiya m'mphepete mwa msewu, wina phazi silimva, winanso sadziwa kuti giya ndi chiyani. Ndidati tiimbire foni mnzawo wa ku tchalitchi adzatitenge. Adakana, akuti pofika mawa Amalawi onse a mu Nairobi akhala atamva. Ndidati tiisiye pomwepo tikwere matatu. Adandifunsa ngati ndikufuna kudzaipeza yopanda matayala.

"Muziyang'ana muviwo," adatero akuliza injini. "Ukakwera muzindiuza."

Ndi mmene tidayendera mpaka ku Kahawa. Maso anga pa muvi, awo pamsewu, ine ndikungoti, wakwera bambo, wakwera, basi pomwepo, watsikanso, akutiimbira hutala kumbuyoku. Lole ikaima kutsogolo ndinkaponda pansi ndi phazi langa labwinobwino, pomwe panalibe buleki iliyonse. Sindidachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Mwana atationa adafunsa chomwe bulauzi yanga idanyowera, ndidati kunja kwatentha. Bambo ake adamufunsa za mayeso, adaseka naye, ndipo madzulo tidabwerera ku South B mwa njira yomweyo.

Titalowa m'nyumba adapachika makiyi pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Sadanene kuti asiya, inenso sindidafunse. Ku ntchito adayamba kukwera galimoto ya ku ofesi. Loweruka lililonse ankaitsuka yawoyo, kuiliza pang'ono, n'kuizimitsa. Anzathu akafunsa ankawayankha kuti mafuta akwera mtengo.

Chilonda chija sichidapole. Ndidachitsuka, ndidasintha zakudya, ndidapemphera, koma chinkangolowa mkati. Chaka chotsatira madokotala adadula chala, ndipo patapita miyezi adadula m'munsi mwa bondo. Mwana adazimva zonse nthawi imodzi, ali pakhonde la chipatala.

Tsiku lotuluka tidakwera takisi, tonse kumbuyo, ndodo zawo zatsopano zitapingasa pamiyendo panga. Chakufupi ndi Industrial Area ankakonza msewu, ndipo ndidachionera patali chikwangwani chachikasu. Ndidayamba kuwafunsa zomwe akufuna kudya kuti ayang'ane kwa ine, koma anali atachiona kale. Adachiwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi: punguza mwendo. Kenako adayang'ana thalauzi lawo lomwe ndidalipinda ndekha ndi pini m'mawa womwewo.

"Mayi," adatero, "wapolisi uja mukadzamuona, mudzamuuze kuti tamvera."