Chikhoti cha Mwini Butchala

Sewero litatha, ndinaiwala kuvula chikhoti choyera. Ndimati ndinaiwala, koma kunena zoona chinkandikhala bwino. Ndinadutsa nacho pamsika wa Chipoka ndikuyenda chibwanabwana, mpaka amayi ogulitsa usipa anandiuza kuti kumsana kuli magazi a mbuzi. Chikhoticho tinali titachibwereka kwa mwini butchala.

Inali nthawi ya matipate, anthu atangomasuka pakamwa, magulu a zisudzo ali mbwee. Lathu linkaphunzitsa za kolera ndi likodzo. Udokotala unagwera ine chifukwa ndinkawerenga chilichonse, ngakhale nyuzi zokulungira mandasi, ndipo ndinali nditatolamo mawu achizungu ataliatali. M'sewero dokotala salephera. Wodwala amabwera akubuula, iwe n'kumukhazika pansi, kumufunsa dzina, kumumvera pachifuwa ndi kapaipi ka pampu ya njinga, basi iye n'kudzuka kuyamba kuvina, anthu m'manja.

Dzinalo linandikanirira. Kudoko, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, ndinali adokotala. Ndinkaseka nawo.

Tsiku lina aneba anga, msodzi amene anali atangobwera kuchokera kuchilumba cha Mbenji, anafika pakhomo ndi akazi awo. Mayiwo thupi linali litatha, akutsokomola chiyambire dzinja. Anakhala pamphasa n'kumangondiyang'ana. Aneba anapempha kuti ndiwapime kaye, poti kuchipatala n'kutali ndipo mayi akuopako. Ndinaona kuti ndikavomera, kuchipatalako sapitanso. Ndikakana, ndawalanda kachiyembekezo komwe abwera nako. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Bambo, zijatu n'zamasewera," ndinatero. "M'kapaipi muja simumveka kanthu."

Anati akudziwa, nawonso anaonera, koma ndingoyesako. Ndinakanitsitsa. M'mawa mwake ndinawaperekeza kukakwera matola.

Anabwerako ndi timapiritsi m'kapepala. Ndinamva kuti anaima pamzere mpaka miyendo kuuma, ndipo wolemba mankhwala, atatopa ndi chikhamu cha odwala, anawafunsa mafunso maso ali patebulo. Mayiwo analumbira kuti kumeneko sapondakonso. Chifuwa chawo chinkamveka kudutsa mpanda waudzu, ine ndili bindikiro m'nyumba ndi buku lomwe silinkawerengeka, kuopa kuti ndikatuluka tikumana maso.

Patapita masiku aneba anandipeza kuseri kwa nyumba ndikumata tayala. Sanaoneke okwiya. Anakhala pachitsa n'kuyang'ana kaye ntchito yangayo.

"Mukanangowagwira pachifuwa, achimwene, n'kuwafunsa dzina," anatero. "Kujaku palibe amene anawakhudza."